Buku la BS 7671 litatsalira m'mbuyo

Buku langa la BS 7671, la malamulo oika mawaya a magetsi m'nyumba ku Britain, linali la chikuto cha buluu, la 2018, pomwe malamulo anasintha mu 2022. Mwachitsanzo, AFDD (chipangizo chomwe chimazimitsa magetsi chikazindikira kuti waya akuthetheka moto) inakhala yokakamiza pa masoketi osapitirira 32A m'nyumba zogona ophunzira ndi zosamalirako okalamba ku Britain. Ndinagula la 2022, la chikuto cha bulawuni, mwachindunji kwa IET, bungwe la mainjiniya lomwe limasindikiza bukuli. Mabuku ena otchipa a pa intaneti ndi achinyengo, ndipo nambala imodzi yolakwika pa tebulo la kukula kwa mawaya ingathe kuotchetsa nyumba. Lenileni lili ndi hologram (kachizindikiro konyezimira) mkati mwa chikuto chakutsogolo, yang'anani pamenepo musanalipire.

Amendment 3 ya 2024, yomwe inasinthanso malamulowa, sinafune buku latsopano. Ndi PDF yaulere pa webusaiti ya IET, ndinangoisindikiza n'kuimata kumapeto kwa bukulo.