Volvo yakale ku Winnipeg, Canada, nthawi yozizira

Achimwene mwafunsa ngati Volvo 240 yanu ingamayende tsiku ndi tsiku kukazizira mpaka madigiri -30. Ingathe ndithu.

Choyamba ikani block heater, kachipangizo kotenthetsa injini, muzilumikiza ku magetsi maola atatu musananyamuke, apo ayi oyilo amalimba ngati phala la dzulo. Oyiloyo akhale wa mtundu wa 5W-30, mu radiyeta antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana) ndi madzi theka theka, madzi okha amaundana nkung'amba injini. Batire ikatopa isintheni msanga. Mukaliza dikirani pang'ono kenako yendani mofatsa.

Matayala a winter musanyalanyaze, galimoto imeneyi imakankha ndi matayala akumbuyo ndiye imaterereka. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mchere othira mumsewu kuti usungunule madzi oundana uja, umadya chitsulo, muzitsuka kunsi pafupipafupi ndipo popelani mafuta oteteza dzimbiri kusanayambe kuzizira.