Kuchepetsa zotsalira za antibayotiki m'manyowa a ziweto

Chiweto chikalandira antibayotiki (mankhwala olimbana ndi mabakiteriya) monga oxytetracycline, gawo lalikulu la mankhwalawo limatuluka m'ndowe ndi mkodzo, ndipo likafika m'munda limakanirira m'nthaka. Musanayambe kuwoletsa ndowezo pa mulu kuti mankhwalawo achepe, pezani udzu wouma, madzi, fosholo ndi choyezera kutentha.

1. Chiweto chomwe chikulandira mankhwala chiikeni m'khola lachokha, ndowe zake zisasakanikirane ndi zina.
2. Unjikani ndowezo mosinthanasinthana ndi udzu, patali ndi chitsime kapena mtsinje.
3. Wazani madzi pang'ono. Mukafinya m'manja pazimveka chinyezi, koma madzi asachuche.
4. Mkati mwa mulu muzitentha kufika 55°C. Ambiri amalakwitsa pomwepa: satembenuza, ndiye zakunja sizipsa, mankhwala n'kutsalira momwemo. Tembenuzani sabata iliyonse, zakunja zilowe pakati.
5. Manyowawo akazizira n'kuda, kathireni m'munda, koma osati mvula yamphamvu ikuyandikira.