Kuchotsa stabilizer bar yakumbuyo pa galimoto ya mtchire

Anzanga amene mumakonda kutsika ku Lower Zambezi kudzera ku Leopards Hill, mukudziwa mmene tayala limodzi lakumbuyo limalendewera m'mwamba pa miyala ija, nthawi zambiri ndi stabilizer bar (chitsulo cholumikiza mbali ziwiri za galimoto kuti isamapendekeke kwambiri pa kona) yomwe ikugwira ekiselo kuti isasewere bwino, ndiye ena amaichotsa.

Imikani galimoto pamalo a fulati matayala onse ali pansi, handibuleki mukoke, ikani miyala kumatayala. Osakweza mbali imodzi yokha ndi jeki chifukwa chitsulocho chimakhala chokokeka ndiye mabauti amakana kutuluka, mungotukwana zabwino zomwe. Thirani WD-40 (mafuta opopera ofewetsa dzimbiri) pa manati dzulo lake, fumbi la muno mu Lusaka ndi matope a dzinja zimaumitsa zinthu heavy.

Yambani ndi malinki (tizitsulo togwira nsonga za stabilizer bar) a mbali zonse ziwiri. Pa magalimoto a ku Japan nthawi zambiri ndi sipanala ya 14 kapena 17, ndipo bauti ikayamba kuzungulira limodzi ndi nati igwireni ndi Allen key pakati pakepo. Kenako masulani mabulaketi awiri okhala ndi mabushi a labala, chitsulo muchitulutse mochitembenuza pang'onopang'ono, samalani paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS (wa sensa ya mabuleki).

Manati, mabauti ndi mabushi onse sungani mu chigubu, chitsulonso musataye, mudzazifuna. Ine pandekha sindichotsa ngati pamwamba pali tenti kapena katundu wolemera, galimoto imapendekeka kwambiri pa kona, makamaka mapiri a Great East Road kupitirira Chongwe. Mukabwerera pa tala bwezeranipo basi, ndi ntchito yosachedwa.