Mmene Mungalankhulire ndi Mwini Munda za Mpanda Wotchinga Chipale Chofewa

Amalawi okhala kumidzi ya ku Minnesota ndi Iowa ku America, makamaka ogwira ntchito m'mafamu a ng'ombe zamkaka amene amalawirira mbandakucha, amadziwa kuti msewu umatha kutsekeka ngakhale tsiku limene kumwamba kwayera. Mphepo imakokolola chipale chofewa chimene chinagwa kale m'minda yokololedwa n'kuchiunjika pamsewu, ndipo woyendetsa galimoto saonanso kutsogolo.

Mpanda wotchinga chipale umafooketsa mphepoyo kuti chipalecho chitsalire m'munda, monga mmene udzu wa vetiva umagwirira dothi pa akalozera. Ku Wyoming, dera lina la ku America, anayamba kumanga mipanda yamatabwa m'mbali mwa msewu wa I-80 mu 1971, ndipo kafukufuku wa katswiri wa mipanda yotere, Ronald Tabler, anasonyeza kuti mpanda wabwino umakhala ndi mipata pafupifupi theka, komanso kuti uzitalikirana ndi msewu maulendo 35 a msinkhu wake. Wa mamita awiri uyenera kukhala pa mtunda wa mamita 70. Mukauyandikiza, umathira chipale pamsewu pomwepo.

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa pa mtunda umenewo malowo si a boma, ndi a mlimi. N'chifukwa chake nthambi yoona za misewu ku Minnesota, MnDOT, imalipira eni minda amene avomera kusiya mizere ya chimanga osakolola, kundandalika mabelo a udzu, kapena kubzala zitsamba zokhalitsa. Ku Iowa nako alimi osiya chimanga chili chiimire amalipidwa.

Ngati abwana anu kapena mwini nyumba ali ndi munda kumbali kumene kumachokera mphepo, komwe kawirikawiri ndi kumpoto kapena kumadzulo kwa msewu, yambitsani nkhaniyi mu Seputembala, makina okololera asanalowe. Atchulireni malo enieni amene chipale chimaunjikana chaka ndi chaka, ndipo ngati muli ndi zithunzi za pafoni, aonetseni. Madandaulo awo musawapeputse, pakuti ndi oona: pamene paunjikana chipale pamachedwa kuuma, kubzala n'kuchedwanso, ndipo kutulutsanso makina chifukwa cha mizere yochepa kumadya mafuta ndi nthawi. M'malo motsutsana nawo, apempheni kuti afunse ku ofesi ya MnDOT ya m'dera lanu za malipiro ndi mgwirizano wolembedwa. Msewu ukakhala wa kaunti (boma laling'ono la m'deralo), afunse ku ofesi ya misewu ya kauntiyo. Mlimi wokayika ndi bwino ayambe ndi mizere ya chimanga, popeza ndi ya nyengo imodzi yokha, pamene zitsamba zimamanga munthu kwa zaka zambiri.