Mmene mungaonere katuni ya Kalulu ndi Fulu ya 1935 kuti muone pamene inakhoza ndi pamene inaphonya

Katuni yake ndi The Tortoise and the Hare, ya kwa Walt Disney, inatuluka mu Januwale 1935 m'gulu lija ankalitcha Silly Symphony, woitsogolera anali Wilfred Jackson ndipo inapata Oscar. Siikwana ndi mphindi 10 zomwe nde bandulo sikudandaulitsani. Koma kuionera kamodzi basi simungaweruze kalikonse, ine ndimati katatu.

Ulendo woyamba ingooneranitu ngati mwana, osaimitsa, osaganiza zambiri. Nkhani mukuidziwa kale, ndi nthano ija ya Aesop, wanthano wakalekale wa ku Greece, Kalulu dzina lake Max Hare wodzimva koopsa, Fulu ndi Toby Tortoise, mpikisano wothamanga basi. Mungosunga mumtima malo amene mwaseka ndi amene mwayamba kuyang'ana foni ina.

Ulendo wachiwiri zimitsani mawu. Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Muyang'ane Max akamathamanga, ndipo ngati muli pa YouTube tsitsani liwiro lifike 0.25, pa kompyuta mukaiimitsa mutha kudina batani la koma (,) ndi la fulusitopu (.) kuti muziyenda chithunzi chimodzichimodzi. Mupeza kuti pena Kalulu sanajambulidwe bwinobwino ayi, ndi timizeremizere chabe ndi fumbi, koma likamayenda pa liwiro lake diso limavomera kuti eee chadutsa chinthu apa. Kumbukirani kuti kunalibe kompyuta, filimu imadya zithunzi 24 pa sekondi ndipo zonse zinali za pamanja, pensulo kenako utoto pa timapepala toonekera. Ham Luske ndi amene amatchulidwa kwambiri pa kajambulidwe ka Max, ndipo luso lake mulionera bwino pa chigawo chija Kalulu akuima kuti adzionetsere kwa atsikana a pasukulu ya akalulu. Akuponya muvi n'kuthamanga kukaudikira kutsogolo, akusewera tenisi yekhayekha mbali zonse ziwiri za neti, pa baseball akuponya yekha kumenya yekha kuwakhanso yekha. Mawu mulibe koma matama ake mukuwaona m'mapewa, mmene akutukulira chifuwa, mmene akuyendera. Khalidwe likuoneka ndi kayendedwe ka thupi basi, imeneyo nde mphamvu yake yaikulu ndipo ma katuni ambiri a masiku ano amalephera pomwepa, amangodalira kulongolola.

Mitundu nayo muiyang'ane pang'ono, ndi Technicolor, njira yojambulira filimu ya mitundu, nthawi imene ma situdiyo ena anali asanaipeze mokwanira, mpaka lero ikuwala bho.

Ulendo wachitatu yatsani mawu koma maso akhale pa Fulu yekha. Apa nde pofooka pake, kwa ine. Toby sachita kanthu kanzeru ngakhale kamodzi, amangoyenda nyang'anyang'a ndi kachipewa kake, kumapeto n'kutalikitsa miyendo ndi khosi kuti adutse mzere, wapambana. Kunena zoona sanapambane iye, Kalulu ndi amene anadziluzitsa. Ife tinakula ndi Fulu wina, wa m'nthano za agogo madzulo, uja amaika abale ake m'njira monse kuti Kalulu akaitana pena paliponse amve "ndili pano" kutsogolo kwake. Fulu ameneyo ndi kadaulo, uyu wa Disney ndi wabwino mtima chabe ndipo mapeto ake umapezeka ukuchemerera Max amene umayenera kudana naye. Mwana wa achemwali anga wa zaka 6 nditamuonetsa anandifunsa kuti "amalume, nde Kaluluyo sabweranso?" za Fulu analibe nazo ntchito ndi pang'ono pomwe kkk.

Chinanso, atsikana a kalulu aja angoikidwa kuti azisekerera ndi kugomera mnyamata basi, onse nkhope imodzi, palibe amene ali ndi khalidwe lakelake. Ndi za nthawi yake inde koma musazibise powerengera. Chiyambi nachonso chimakoka pang'ono, khamu la nyama likungokuwa, mwana wozolowera za pa foni atha kutopa mpikisano usanayambe.

Mukamaliza, sakani Tortoise Beats Hare ya Tex Avery ya 1941, ya kwa Warner Bros, muionere pompo muyerekeze. Mmenemo Bugs Bunny akuluza kwa Cecil Turtle chifukwa fuluyo waitana abale ake ofanana naye n'kuwamwaza m'njira, ndendende ya agogo ija. Anthu ambiri amati Max Hare ndi amene anatsegulira njira Bugs Bunny, ndipo mukaziika pamodzi kufananako simungakuphonye. Mufunse mafunso awiri awa, ndani akuyenda mokoma pa sikirini, nanga ndi fulu uti amene wagwiradi ntchito kuti apambane. Pa loyambalo ine ndimapatsa ya 1935, pa lachiwirilo Cecil amatenga mosavuta.