Momwe mungapezere penshoni yotsika mtengo yotsata msika wa masheya ku Britain

Amalawi ambiri omwe akugwira ntchito ku Britain, makamaka m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, amadulidwa ndalama ya penshoni mwezi ndi mwezi, koma si onse omwe anafufuzapo komwe ndalamayo imaikidwa, kapenanso kuchuluka kwa zomwe makampani oisunga amatapapo chaka chilichonse. Zomwe amatapazo zimaoneka zazing'ono zikalembedwa m'maperesenti, pomwe ndi zimene zimasiyanitsa kwambiri penshoni ziwiri zomwe zaika ndalama m'masheya ofanana.

Thumba lotsata msika, lomwe pa Chingerezi limatchedwa index tracker, silikhala ndi katswiri wosankha masheya omwe akuganiza kuti akwera. Limangogula masheya a makampani omwe ali pa mndandanda wodziwika, monga FTSE 100 wa makampani akuluakulu a pa msika wa London kapena S&P 500 wa ku America, molingana ndi kukula kwa kampani iliyonse, ndipo msika ukakwera nalo limakwera, ukatsika nalo limatsika. John Bogle, yemwe anayambitsa kampani ya Vanguard, ndi amene anatsegulira anthu wamba thumba loyamba la mtunduwu mu 1976. Popeza palibe akatswiri ambiri oti alipidwe, mtengo wake umakhala wotsika. Tiyerekeze kuti mwaika £10,000 kwa zaka 30, ndipo msika ukukula ndi 5 peresenti pachaka. Ngati zonse zomwe mukudulidwa ndi 0.3 peresenti pachaka, mudzapeza pafupifupi £39,700, koma ngati ndi 1.5 peresenti mudzapeza pafupifupi £28,100. Kukula kwa 5 peresentiko ndi kongoyerekeza chifukwa palibe amene angakulonjezeni, koma kudulidwako kumachitika chaka chilichonse, msika ukwere kapena utsike.

Musanayambe kusakasaka, dziwani mtundu wa penshoni yomwe muli nayo kale. Anamwino ndi ena olembedwa ntchito ndi NHS, bungwe la boma loyendetsa zipatala ku Britain, ali mu penshoni yowerengedwa potengera malipiro awo ndi zaka zomwe agwira ntchito, yosadalira msika, ndipo kuyambira mu 2015 malamulo salola amene wakhalamo zaka ziwiri kapena kuposerapo kuisamutsira ku thumba la masheya. Imeneyo isiyeni momwe iliri. Thumba lotsata msika lingakhale chongoonjezera. Ena olembedwa ntchito a zaka zoyambira 22 omwe amalandira kuposa £10,000 pachaka amalowetsedwa mu penshoni ya kuntchito malinga ndi lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2012. Kuyambira mu April 2019, ndalama yoikidwa siyenera kuchepera 8 peresenti ya gawo la malipiro lomwe limawerengedwa, ndipo olemba ntchito amaikapo osachepera 3 peresenti. Kutuluka mu penshoni imeneyi pofuna yotsika mtengo kwina ndi kulakwitsa masamu, chifukwa mumataya gawo la abwanalo, lomwe ndi lalikulu kuposa chilichonse chomwe mungapulumutse.

Choncho malo oyamba kuyang'ana ndi penshoni ya kuntchito yomweyo. Lowani mu akaunti yanu pa intaneti, muone thumba lomwe munaikidwamo ndi mndandanda wa matumba ena omwe mungasankhe. Lamulo limaletsa thumba lomwe ogwira ntchito amaikidwamo asanasankhe okha kudula zoposa 0.75 peresenti pachaka, ndipo olemba ntchito akuluakulu kawirikawiri amakambirana mtengo wotsikirapo. Makampani ambiri osunga penshoni za kuntchito amakhala ndi thumba lotsata msika pa mndandanda wawo, moti kusintha kumangofuna kudina pang'ono popanda kusamutsa chilichonse. Nest, yomwe inakhazikitsidwa ndi boma ndipo imasunga penshoni za anthu ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba, imadula 1.8 peresenti pa ndalama iliyonse yomwe yalowa ndi 0.3 peresenti pachaka pa ndalama zonse zomwe zilimo, kotero ndalama yomwe inalowa kale imakhala pa mtengo wotsika ndithu, ngakhale kuti matumba osankhapo ndi owerengeka.

Penshoni yodzitsegulira nokha, yotchedwa SIPP, imathandiza amene amadzilemba okha ntchito, amene akufuna kuika ndalama zoonjezera, komanso amene asintha ntchito kangapo ndipo ali ndi timapenshoni tambirimbiri tomwe akufuna kuphatikiza. Apa ndi pomwe pamafunika kudekha, chifukwa mumalipira mbali ziwiri: kampani yomwe ikusunga akaunti yanu, ndi thumba lomwe mwagula. Mtengo wa thumba umalembedwa ndi zilembo zakuti OCF pa chikalata chofotokoza thumbalo, ndipo matumba otsata misika ya dziko lonse amapezeka pakati pa 0.1 ndi 0.25 peresenti, mwachitsanzo Fidelity Index World yakhala ikudula 0.12 peresenti ndipo Vanguard FTSE Global All Cap 0.23 peresenti. Thumba lodzitcha lotsata msika koma likudula theka la peresenti kapena kuposerapo silikuchita chilichonse choposa anzakewa, lisiyeni.

Mtengo wa akaunti ndi womwe umasokoneza anthu, popeza makampani ena amadula peresenti pomwe ena amadula ndalama yokhazikika pamwezi. AJ Bell yakhala ikudula 0.25 peresenti pa matumba, kampani ya interactive investor imadula ndalama yokhazikika, ndipo Vanguard imadula 0.15 peresenti yosapitirira £375 pachaka, koma kuyambira mu 2025 amene ali ndi ndalama zochepera £32,000 amalipira £4 pamwezi. Ndalama ya £4 imamveka ngati ya tiyi, koma pachaka ndi £48, ndipo kwa munthu amene wangosunga £5,000 imeneyo ndi pafupifupi 1 peresenti, pomwe kwa kampani yodula 0.25 peresenti akanalipira £12.50 yokha. Zinthu zimatembenuka ndalama zikachuluka: pa £100,000, mtengo wa 0.25 peresenti ndi £250 pachaka, ndipo apa kampani yodula ndalama yokhazikika imayamba kupambana. Njira yodalirika ndi kutenga ndalama zomwe muli nazo lero ndi zomwe mukuyembekeza kudzakhala nazo zaka zisanu zikubwerazi, n'kuwerengera m'mapaundi zomwe kampani iliyonse ingatenge, kuphatikizapo zolipira pogula kapena pogulitsa, chifukwa amene amaika £50 pamwezi n'kumalipira £1.50 pa kugula kulikonse amataya 3 peresenti ndalamayo isanayambe n'komwe kugwira ntchito. Mitengoyi imasinthasintha, choncho muione pa tsamba la kampaniyo tsiku lomwe mukutsegula akaunti.

Posankha mndandanda woti muutsate, ine ndimaona kuti wa dziko lonse ndi woyenera kwa munthu amene kwatsala zaka zambiri kuti apume pa ntchito, kusiyana ndi FTSE 100 yokha, yomwe imaunjika ndalama zanu m'makampani a msika umodzi. MSCI World imatenga maiko 23 olemera, pomwe FTSE All-World imaonjezerapo misika ya maiko ngati India, Brazil ndi South Africa. Dziwani kuti m'mindandanda yonse iwiriyi makampani a ku America amatenga gawo loposa theka. Sankhani thumba lolembedwa Acc, lomwe limabwezera phindu la masheya m'thumba momwemo, ndipo pamene zaka zopumira zikuyandikira ganizirani zosamutsira gawo lina ku mabondi, omwe ndi ngongole zomwe mumabwereketsa boma kapena makampani n'kumalandira chiwongoladzanja, popeza masheya amatha kugwa kwambiri m'miyezi yochepa monga zinachitikira mu 2008 ndi mu March 2020.

Mukaika £80 mu SIPP, boma limaonjezera £20 ya msonkho womwe munalipira kale, ndipo amene amalipira msonkho wa 40 peresenti amaitanitsa yotsalayo ku HMRC, bungwe lotolera misonkho. Ndalamayi simungaitenge musanakwanitse zaka 55, ndipo kuyambira pa 6 April 2028 zakazi zidzakhala 57, kotero ndalama ya fizi ya ana kapena yomalizira nyumba kumudzi isalowe m'menemu.

Pophatikiza penshoni zakale, musatulutse ndalama nokha. Uzani kampani yatsopanoyo kuti iitanitse, mutafunsa kaye kampani yakale ngati pali chindapusa chotulukira kapena malonjezo apadera omwe mungataye. Zomwe munaiwala komwe zili mungazifufuze kudzera ku Pension Tracing Service ya boma, yomwe ndi yaulere. Onetsetsani kuti kampani yomwe mwasankha ili m'kaundula wa Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma, chifukwa ndi pamenepo pomwe FSCS, ndondomeko yoteteza makasitomala a makampaniwa, ingakubwezereni mpaka £85,000 kampaniyo itagwa, ngakhale kuti siibweza zomwe zatayika chifukwa cha kutsika kwa msika. Mlendo aliyense wokuimbirani foni mwadzidzidzi pa nkhani ya penshoni akuphwanya lamulo lomwe linayamba mu January 2019.

Amene akulingalira zodzabwerera kumudzi afunse kampaniyo asanatsegule akaunti ngati imalola munthu wokhala ku Malawi kupitiriza kuisunga, komanso ngati imatumiza ndalama ku banki ya kunja kwa Britain, chifukwa makampani amasiyana pa mfundo imeneyi. Mukachoka ku Britain mungathe kupitiriza kuika mpaka £2,880 pachaka, yomwe boma limaikwanitsa kufika £3,600, kwa zaka zisanu za msonkho, bola akauntiyo munaitsegula mukadali komweko.