Momwe mungalumikizire ziganizo m'Chislovenia

Mwafunsa za kagwiritsidwe ntchito ka alumikizi a m'Chislovenia. Musanayambe, dziwani kaye timawu ta mneni biti (kukhala): sem (ndili), si (uli), je (ali).

1. Yambani ndi in (ndi), ali (kapena) ndi ampak (koma). Mpatuliro sukhala patsogolo pa in, koma pa ampak umakhalapo.

2. Onjezani ker (chifukwa) ndi da (kuti). Awa amafuna mpatuliro: Vem, da je doma, kutanthauza "Ndikudziwa kuti ali pakhomo."

3. Timawu ngati sem ndi je tizibwera pompo pambuyo pa ker kapena da: Ostal sem doma, ker sem bil bolan, kutanthauza "Ndinakhala pakhomo chifukwa ndinkadwala." Musalembe ker bil sem bolan.

4. Chenjerani apa, ndi pamene ambiri timaphonya. Ife "ndikabwera" timangonena kamodzi, koma Chislovenia chimasiyanitsa. Ko pridem, te pokličem ndiye kuti kubwera kulipo ndithu, ndikafika ndikuimbirani. Če pridem, te pokličem ndiye kuti mwina sindibwera n'komwe. Kulakwitsa pamenepa kungachititse mnzanu kukudikirani pachabe pa siteshoni ku Ljubljana, likulu la dziko la Slovenia. Pofunsa nthawi, gwiritsani ntchito kdaj (liti): Kdaj prideš? kutanthauza "Ubwera liti?"

5. Lembani ziganizo zanuzanu zisanu, chilichonse ndi mlumikizi wake, ndipo muziwerenge mokweza.